Laputopu yopanda ulemu

Linali Lachinayi, nthawi itangokwana 2 koloko masana, pamene bambo wina wachikulire anaima pakhomo la shopu yathu ku Zingwangwa, khadi la chinkhoswe lili m'manja, n'kufunsa kuti analemba ndani. Amene analemba ndinali ine. Koma kuti mumvetse chimene chinawakwiyitsa, ndiyambe ndi mmene ndinapezekera pampando umenewo, munthu woti sukulu ndinalekeza Sitandade 6.

Ntchitoyo sindinachite kuifunafuna. Ndinkagulitsa zitumbuwa pafupi ndi kashopu ka fotokope, mwana wanga Tadala ali kumsana. Malonda sankayenda chifukwa sindinkatha kuitanira anthu. Anzanga akamakuwa kuti "Zotentha! Zotentha!" ine ndinkangoyang'ana m'beseni. Mwini shopuyo anali mayi wa ku Rumphi, anyaGondwe, amene anagwira ntchito yotayipa m'boma mpaka kupuma. Tonse tinkangowatchula kuti amama. Tsiku lina mphepo inaulutsa mapepala awo mpaka mumsewu. Ndinawatola, n'kuwasanja potsata manambala a m'munsi, n'kukawapatsa osalankhula.

"Mumatha kuwerenga?" anandifunsa.

"Chichewa chokha, amama."

"Anthu akuno amakwatira m'Chichewa, amafanso m'Chichewa. Chikwana. Ine maso atha, ndipo Chichewa changa anthu amachiseka. Mawa mubwere popanda beseni."

Anayamba kundiphunzitsa zosafuna sukulu: kupepetsa mapepala asanalowe mu fotokope kuti asamatirirane, kudula makhadi pa gilotini zala zili kutali ndi mpeni, kudikira lamineta itenthe bwino ndisanalowetse satifiketi ya munthu. Tadala ankagona m'katoni ya mapepala pansi pa tebulo, titayalamo chitenje. Patapita miyezi anandikhazika pa laputopu. Anayala zala zanga pa mzere wapakati wa kiyibodi, ndipo ndikayang'ana pansi ankandigogoda ndi bolopeni padzanja. "Maso papepala, amake Tadala. Zala zimadziwa kwawo." Ntchito yathu yambiri inali makhadi a chinkhoswe ndi ukwati, mapulogalamu a maliro ndi makalata a kumpingo.

Laputopuyo tinkaitchula kuti Mdala. Anaisiya ndi Wongani, mwana wawo mmodzi yekhayo, popita ku Joni. Batire lake linafa kalekale, moti magetsi akangothima nayonso inkathimira pomwepo, n'chifukwa chake ndinazolowera kuseva mzere uliwonse. Mwa mabowo olumikizira zinthu, limodzi lokha ndi limene linkagwira ntchito, ndipo munali chingwe cha printa chomangidwa ndi mphira. Lamulo linali lakuti chisagwedezeke. Motero kiyibodi yapadera inalibe polowera. Ndikunena izi chifukwa vuto lalikulu la Mdala linali batani limodzi, la chilembo cha a. Linkagwira likafuna. Ukalidina bwinobwino silinkalemba, ukalimenya mwina lilemba, mwina ayi.

Yesani kulemba Chichewa popanda a muone. Amama anapeza nzeru: Chichewa chilibe q, ndiye paliponse pofunika a ndinkadina q, amene ali pamwamba pake penipeni. Ndikamaliza ndinkadina Ctrl ndi H, n'kuuza makina kuti q aliyense asanduke a. Ndisanatero, khadi linkaoneka chonchi: Bqnjq lq q Phiri likukuitqnqni. Amama ankakonda kuwerenga zimenezi mokweza, akukhosomola ngati ameza munga wa usipa, mpaka Tadala kudzuka n'kumaseka nawo.

Nkhani yogula laputopu ina inkabwera pafupifupi sabata iliyonse. A Mabvuto, amene amakonza makompyuta ku Chirimba, anaitsegula kawiri n'kukweza manja. "Amama, iyi mukungoizunza. Ndili ndi yatsopano ili m'katoni, amene anaitanitsa anasintha maganizo. Tengani lero. Zinthu izi mitengo yake sigona pamodzi." Mnzawo wa amama wa kukwaya ankati adikire nyengo ya maukwati ithe kaye. Ndalama sinali vuto lenileni, anali nazo zimene ankasunga ku banki mkhonde. Koma yankho lawo linali limodzi nthawi zonse: "Wongani wati abweretsa yatsopano pa Khirisimasi. Ndigulirenji ziwiri?"

Khirisimasi imeneyo inali itadutsa kale kangapo, Wongani osaoneka. Palibe ankanena zimenezi. Nthawi zina ankatembenukira kwa ine n'kufunsa maganizo anga, ine n'kuyankha kuti, "Mmene mungaonere, amama." Mumtima ndinali ndi mantha. Kutsidya kwa msewu kunali kutatsegulidwa shopu ina ya anyamata okhala ndi makina onyezimira, ndipo amama anali atanena kale kuti nyengo ya maukwati ikatidutsa chaka chimenecho, atseka n'kubwerera ku Rumphi. Kwa iwo kunali kupita kumudzi. Kwa ine kunali kubwerera ku beseni.

Makhadi amene anabweretsa mlanduwo anali a banja lina lalikulu la ku Chitawira. Azakhali a mtsikana ndi amene anabweretsa ntchitoyo, ndipo analonjeza kuti tikachita bwino atipatsanso makhadi a ukwati ndi mapulogalamu ake. Ndinatayipa, ndinasandutsa ma q onse, amama anawerenga n'kuvomereza. Ndili pafupi kupulinta, azakhali aja anaimba foni kuti aiwala dzina limodzi, la ankhoswe a kuchimuna, a Namakhwa. Poti linali dzina limodzi lokha, sindinavutike ndi q. Ndinamenya batani lija mwamphamvu. Panatuluka Nmkhwa. Ndinabwerera n'kukonza mpaka dzina linaima bwino, ndipo ndinapulinta.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene ndinaphunzira mochedwa. Chilembo cha a chikasowa mkati mwa mawu, mawuwo amathyoka ndipo diso limaona msanga. Koma a woima yekha patsogolo pa dzina akasowa, palibe chimathyoka. Dzina limakhala lolondola. Chimasowa ndi ulemu wokha. Pakhadipo aliyense anali ndi a wake: a Phiri, a Likoswe, a Mbewe. Mmodzi yekha ndi amene anaima wopanda chovala: Namakhwa.

Ndiwo anali pakhomo Lachinayi lija, atavala jekete ngakhale kunja kunkatentha. Kumbuyo kwawo kunali azakhali aja, nkhope ili gwa.

"Ndafunsa kuti analemba ndani?"

Ndinangokweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mwana iwe, unandionapo ndikusewera nawe phada? Ndili ndi zidzukulu ine. Anthu onsewa ndi a uje, a uje, ine ndekha Namakhwa, ngati dzina la galu? Akwathu akuti a kuchikazi achita dala. Akuti ngati ayamba kutinyoza pakhadi, m'banjamo mudzakhala zotani?"

"Ife tinapereka dzina ndi ulemu wake," anatero azakhali aja. "Amama, ntchito ya ukwati ija iwalani. Tipita kutsidyaku."

Ine misozi inayamba kulengeza m'maso. Tadala anayamba kulira m'katoni muja. Amama anaimirira pang'onopang'ono, n'kukoka mpando wanga, n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Adada, pepani chomene. Cholakwa ndi chathu, sitikukana. Koma wamwano weniweni m'nyumba muno ndikufuna mumuone ndi maso anu. Takhalani apa. Dinani batani ili."

A Namakhwa anakhala monyinyirika. Anadina kamodzi, osatuluka kanthu. Anadinanso. Anayang'ana amama, n'kuyang'ana ine, kenaka anakanikiza ndi chala chachikulu ngati akudinda chidindo. Mdala anaganiza kaye, kenaka anamasula zonse nthawi imodzi: aaaaaaaaaaaaaa, mzere wonse mpaka kutsikira wachiwiri.

"Ndi amenewo, adada," anatero amama. "Ma a onse amene tinakumanani. Tengani, ena mukagawire akwanu."

Azakhali aja ndi amene anayamba kuphulika ndi kuseka. A Namakhwa analimbana nako kuseka mpaka mapewa anayamba kugwedezeka. "Makina opanda mwambo awa," anatero akupukuta m'maso. "Anakulira kuti?" Kenaka anatembenukira kwa ine, mawu atatsika. "Iwe mwana, usalire. Koma makhadi amene apita kwathu muwabweze, mupereke ena."

Tinapulinta ena masana omwewo, ine ndikuwerenga dzina lililonse chala chili pagalasi. Azakhali aja potenga makhadiwo anati za ukwati aganizabe. "Pulogalamu ya ukwati imakhala ndi mayina ambirimbiri. Ndi makina amenewa mudzatiyambanitsa ndi mtundu wonse."

Atapita, amama anayamba kusisita chivundikiro cha Mdala. Dzuwa linali litapendeka, ana a sukulu akudutsa pamsewu.

"Amake Tadala, zala ndi zanu. Tigule kapena tidikire? Ndipo lero musandiuze kuti mmene ndingaonere. Ine sindiona."

Ndinanyamula Tadala kuti manja anga apeze chogwira.

"Tigule, amama."

"Nanga Wongani akabwera nayo?"

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinawauza zimene ndinali ndisanauzepo munthu mu Blantyre muno: kuti kwathu ku Phalombe ndinali ndisanapiteko chibadwire Tadala. Pochoka ndinalonjeza amayi anga bulangete lalikulu la m'tauni. Khirisimasi ikayandikira, bulangete palibe, ndinkati ndipita ikubwerayo. Sikuti sindinkawafuna amayi anga. Ndinkaopa kutsika basi chimanjamanja, anthu akuyang'ana m'manja mwanga.

"Mwina a Wongani zinthu sizikuwayendera," ndinatero ndikuyang'ana pansi. "Mukamawafunsa za laputopu pafoni, mwina ndi imene ikuwatsekera njira. Mukagula nokha, sadzakhalanso ndi choti abwere nacho. Adzangobwera."

Ndinaganiza kuti ndalankhula mopyola, ndipo ntchito yathera pomwepo. Amama anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ngakhale anali oyera. Kenaka anatenga foni, n'kudina pojambulira mawu, n'kulankhula Chitumbuka. Zambiri sindinamve, koma ndinamva dzina la Wongani, ndinamva "laputopu tagula," ndipo pomaliza anati, "Iwe zanga waka." Mawu amenewo ndinkawadziwa, chifukwa ndi amene ankamuuza Tadala akamaphunzira kuyenda: ingobwera basi.

"Amama, komatu sitinagule."

"Ndiye mulawirire ku Chirimba, ndisakhale wabodza kwa mwana wanga. Inu mukasankhe, ine ndibwera pambuyo kudzalipira." Anavalanso magalasi aja n'kundiyang'ana pamwamba pake. "Ndipo Loweruka shopu ndikhalamo ndekha. Inu mukwere ya ku Phalombe. Amama anu akufuna mdzukulu, bulangete safunda pa kutentha kuno."

Anthu amandifunsa masiku ano ngati kuli bwino kugula laputopu msanga kapena kudikira mitengo itsike. Za mitengo ine sindidziwa. Chimene ndinasunga n'chakuti chipangizo chikayamba kukulakwira anthu amene amakudyetsa, nthawi yodikira yatha, ndipo munthu akamati akudikira, ndi bwino kumvetsa chimene akudikiradi. Ndinasunganso ichi: amene zala zake zili pa batani ndiye ayenera kunena kuti batani lafa, ngakhale mawu atuluke akunjenjemera. Mpaka lero, khadi lisanalowe mu printa, ndimawerenga kaye ma a oima okha, kenaka zina zonse.

M'mawa mwake ndinabereka Tadala n'kukwera minibasi ya m'tauni, kenaka ya ku Chirimba. Ndinapeza a Mabvuto akutsegula kumene. Anatulutsa laputopu ija m'katoni n'kuyamba kuitamanda, za liwiro lake, za batire lokhala tsiku lonse, mawu ambiri a Chingerezi amene anangondidutsa.

"Achimwene, tanditsegulireni polemba," ndinawadula.

Anadabwa, poti anali asanandimvepo ndikulankhula. Anatsegula tsamba loyera. Ndinayala zala pa mzere wapakati monga anandiphunzitsira amama, n'kukhudza batani lija ndi kachala kakang'ono, pang'ono pokha. Chilembo chinatuluka nthawi yomweyo, chimodzi, choyera bwino. Ndinasiya mpata n'kulemba dzina lonse: a Namakhwa.

"Tatenga imeneyi," ndinatero, ndipo sanachite kundifunsa kuti ndibwereze.