A Nowa anaperekeza mwana wawo

Pa Nsaru panalibe munthu wokonda mafilimu a apolisi ngati a Nowa. Ndikudziwa chifukwa ndatha zaka khumi ndi ziwiri ndikukazinga zitumbuwa pakhomo pa nyumba ya vidiyo. Tsiku lililonse la msika ndinkawaona akutsamiritsa njinga pamtengo wa mango, chipewa m'manja ngati akulowa m'tchalitchi. Bambo wa imvi, mlimi wa fodya, kukapanikizana pabenchi ndi anyamata! Za karate analibe nazo ntchito. Ankafuna za ozembetsa mankhwala ozunguza bongo, zomasuliridwa m'Chichewa zija, momwe wapolisi amatsata phazi mpaka kugwira mkulu wa gulu.

Akatuluka ankandifotokozera filimu yonse ndisanawafunse n'komwe.

"Mwaonatu, a Felesita," ankatero, "wapolisi wanzeru salimbana ndi wonyamula katundu. Wonyamulayo akangoulula bwana wake, amamuuza kuti pita kwanu."

"Gulani chitumbuwa, a Bwana Kafukufuku, mafuta akundipserera," ndinkawayankha. Dzinalo linawakakamira, ndipo eni ake ankalikonda.

Mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna, Dyson, anali wakabaza. Anali munthu wofatsa, wa ana awiri ndi mkazi wake Febe. Nthawi yokumba mtedza, wamalonda wina wobwera anayamba kumutuma matumba ku Msundwe. M'mawa wina a Nowa anapita kwa Dyson kukabwereka pampu, ndipo fungo la thumba lina pakhonde silinawasangalatse. Atamasula anapeza kuti pansi pa mtedza pali chamba, chokulunga m'masamba ouma a nthochi.

"Poyamba sindinkadziwa, bambo," Dyson anatero. "Nditadziwa ndinaopa kukana."

Kwathu kuno mlandu wa mwana umayamba wafika kwa amalume ake, eni mbumba. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa zimenezi. Koma a Nowa anawadumpha. Ankati amalumewo angonena kuti katayeni kudambo, kenako wamalonda uja adzamusaka Dyson. Iwo njira ankaidziwa, paja anali ataiona maulendo osawerengeka. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa sanachite mwankhanza ayi. Ankapulumutsa mwana.

Anamanga thumba lija pakaliyala n'kunyamuka wapansi kupita kupolisi, bambo kutsogolo, mwana pambuyo. Anaima pachiwaya changa n'kumugulira Dyson zitumbuwa ziwiri.

"Muuzeni Febe asade nkhawa," anandiuza. "Tibwerera limodzi dzuwa lisanalowe."

Anabwerera okha, akukankha njinga yopanda kanthu. Dyson anaulula zonse, dzina ndi malo omwe, koma wamalonda uja anali atamva kale mphekesera n'kusowa. Chotsala chinali thumba ndi munthu wovomera kuti ankalinyamula. Khoti linati zaka zisanu ndi chimodzi. A Nowa anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, akufotokoza kuti mwanayo anabwera naye okha. Ankangowamvera chisoni.

M'chaka chachitatu chifuwa chachikulu chinamupeza Dyson kundende. Anabwera m'bokosi.

Pamaliro, amalume ake ataimirira kufotokoza mmene imfa yayendera, anati ndi matenda, n'kulekera pomwepo. Anawasungira ulemu alamu awo. Koma a Nowa, amene mwambo sunawapatse malo olankhula, anadzuka pakati pa amuna.

"Musanamizire chifuwa," anatero. "Mwanayu ndinamuperekeza ndine, masana, anthu akuona."

Palibe anawakhazika pansi. Febe analira mpaka kukomoka.

Tsopano a Nowa kulima fodya anasiya, ndipo Febe anatenga ana kubwerera kwawo ku Kabudula. Tsiku la msika a Nowa amabwerabe. Njinga amaitsamiritsa pamtengo womwe uja, koma salowa. Amakhala pafupi ndi chiwaya changa, ine n'kuwapatsa chitumbuwa, ndipo dzina lachipongwe lija sindinalitchulenso. Sipika ya vidiyo ili panja, choncho zonse zimamveka. Filimu ikafika poti wapolisi akuti "pita kwanu", anyamata m'katimo amaomba m'manja. A Nowa amasiya kutafuna n'kuyang'ana kumsewu.