Chipika cha Kuseri kwa Nkhokwe ya Alamu

"Khalani pansi, alamu! Wofuntha saweruza mlandu. Ndipo mwanayu si wanu, ndi wa mbumba yathu!"

Anakuwa choncho a Zuze, mlongo wa mkazi wanga, pamaso pa mudzi wonse. Kumbuyo kwawo, pansi pa mtengo wa masau, mwana wanga Rozaliya anali khale padothi, mwendo wamanzere uli m'chipika. Chipikacho ndinachizindikira. N'cha mtengo wa mupani, choboola pakati, chokhala ndi chikhomo chopanikiza pa kakolo kuti phazi lisatuluke. Ndi chomwe chija anandimangiramo ine.

Mtima unandiwira. Ndikanakhala wakale uja, a Zuze akanatola mano awo pansi. Koma nditayang'ana anthu ndinaona kuti palibe akumvera mawu anga. Onse anali kuyang'ana manja anga, kudikira kuti anene kuti zayambanso. Ndinapinda manja kumbuyo n'kupita kunyumba.

Ndikulemba izi ndili pakhonde la kachipatala ka ku mishoni, kudikira lole ya ku Lusaka. Nthawi ilipo yambiri, popeza lole ya kuno imabwera tsiku lomwe yafuna. Ndifotokoze m'mene ine ndinadwalira, kuti ena asachedwe monga tinachedwera ife.

Ine ndine munthu waukali, ndipo sindibisa. Ndinabadwa nawo. Sukulu ndinaphunzira mpaka sekondale, zomwe kuno ku Feira n'zosowa, ndipo maphunzirowo sanachepetse ukali, anangouwonjezera Chingerezi. Ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka m'mudzi cha kumtunda kwa Mburuma. Ana ankandiopa, makolo ankandilambalala, koma ntchito inkayenda.

Matenda anayamba chaka chomwe Federeshoni inalowa, m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Chizindikiro choyamba chinali tulo. Tinangotha. Sindinkamva kutopa ayi, ndinkadzuka ndi mphamvu ngati ndagona bwino. Maganizo ankathamanga, lina lisanathe lina labwera. Ndinayamba kusunga ana m'kalasi mpaka dzuwa kupendeka, ndikuwaphunzitsa zinthu zosagwirizana, za nyenyezi, za malamulo, za njanji yomwe ndinkati ndidzaimanga kuchokera ku Feira mpaka ku Lusaka. Wondidula mawu ndinkamukalipira. Choko chitatha ndinayamba kulemba ndi makala pamakoma.

Apa ndi pomwe tinalakwitsa tonse. Aliyense ankati, "Asiyeni aTicha, ndi ukali wawo uja." Mkazi wanga, amake Rozaliya, ndi yekha anaona kuti china chasintha, koma atanena anamuseka. Matenda anabisala kuseri kwa khalidwe langa ngati njoka m'mulu wa nkhuni. Miyezi inapita. Anthu anadzavomera kuti ndikudwala tsiku lomwe ndinagwetsa chitseko cha sukulu n'kuyamba ulendo wa kumtsinje ndilibe malaya, ati ndikukayeza podutsa njanji.

Anandigwira amuna angapo. A Zuze ndi amene anasema chipika. Sindinena kuti anachita mwankhanza. Ankaopa kuti ndingagwere m'madzi ng'ona n'kundidya, ndipo njira ina sankaidziwa. Anaitana ng'anga. Ina inati ndi mashawe, mizimu yogwira munthu, anaimba ng'oma, ine osavina. Ina inati ndalodzedwa ndi mphunzitsi mnzanga wofuna malo anga, munthu wosalakwa amene mpaka lero sitilonjerana bwino. Ndinamwa mizu yowawa, ananditemera mphini pachipumi. Mvula inagwa ndili pomwepo. Mphamvu zija zinatha, m'malo mwake munabwera chisoni chopanda chifukwa. Sindinkafuna kudya, kuyankhula kapena kusamba. Ana ankabwera kudzandisuzumira, ena mwa iwo a m'kalasi langa lomwe. Mwendo unatupa, pa kakolo panabuka chilonda chonunkha.

Chilondacho ndi chimene chinandipulumutsa. Mkazi wanga anayenda pansi kupita ku mishoni kukapempha mankhwala a bala, osati a mutu, chifukwa sankadziwa kuti mutu uli ndi mankhwala. Sisitala atamva m'mene balalo linabwerera anakwera njinga n'kudzandiona. Anangonena mawu ochepa: "Mwendo ndiuchiza ine. Zinazi zili ndi madokotala ake ku Lusaka. Mutulutseni."

Kupita ku Lusaka sikunali kongonyamuka. Pankafunika chikalata cha ku Boma chotsimikiza kuti ndine wodwala mutu. Podikira chikalatacho ndi lole, anandisunga m'kachipinda koyandikana ndi ka akaidi. Sindiimba munthu mlandu, malo ena kunalibe. Koma ndinene mosapsatira kuti munthu wodwala akagona pakati pa wakuba mbuzi ndi wophika kachasu, iyenso amayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani. Tinanyamuka ndi mesenjala mmodzi, titakhala pamwamba pa mitolo ya nsomba zouma, msewu wonse mabampu mpaka ku mlatho wa Luangwa.

Kuchipatala kunali wodi yathu yapadera, kumbuyo kwenikweni, yotchingidwa ndi waya. Moyo wa kumeneko unali wa belu. Belu la kudzuka, la phala, la mankhwala, la kukhala padzuwa. Tinkavala zofanana, zopanda lamba. Dokotala ankabwera masiku ena okha, ndipo tinkamudikira titandanda pabenchi kuyambira m'mawa, nthawi zina n'kubwerera osamuona. Poyamba ankandimwetsa mankhwala amadzi onunkha kwambiri ogonetsa tulo. Fungo lake linkatuluka m'kamwa ndi m'thukuta. Kenaka anandiika pa makina a magetsi kangapo. Amakugoneka, amakulumitsa kampira, ukadzuka mutu ukuwawa ndipo zina waiwala. Ndinaiwala mayina a ana anga kwa masiku angapo, ndipo ndinalira mayinawo atabwerera. Sindinama kuti zinali zabwino. Ndinkaopa m'mawa uliwonse wa makinawo. Koma chisoni chija chinayamba kupepuka, ndinayamba kumva njala, ndipo tsiku lina ndinakangana ndi odala wina, wantchito wosamalira odwala, pa nkhani ya bulangete. Iye anangoseka n'kunena kuti, "Ticha, wachira iwe. Odwala kwambiri sakangana."

Chakumapeto anandipatsa timapiritsi tatsopano tomwe tinali titangofika kumene. Timaumitsa m'kamwa, timalemeretsa thupi, ndipo manja amanjenjemera pang'ono. Tsiku lotuluka ndinamufunsa dokotala m'Chingerezi, mosazungulira, kuti ndidzadziwa bwanji ngati ndakwiya chabe kapena matenda abwerera, popeza ukali ndinali nawo kale. Anandiyankha kuti, "Yang'anira tulo. Ukakwiya n'kugona, ndiwe wamba. Ukapanda kugona koma osatopa, thamanga kuno usanadikire kuti ena akuuze."

Mawu amenewo ndi amene tikukhalira ine ndi amake Rozaliya. M'mawa uliwonse asanandipatse madzi osamba amandifunsa, "Mwagona, atate ake Roza?" Ndikayankha amadziwa ngati ndikunama, chifukwa mphasa ndi imodzi. Kamodzi kokha tulo tinathawanso, mapiritsi atatha nthawi ya mvula msewu utaduka. Tinanyamuka msanga, ndipo sindinafike pogwetsa chitseko cha munthu.

Lero ndili bwino. Ndimalima mapira, ndili ndi mbuzi, ndimalembera anthu makalata opita ku migodi. Kusukulu sanandibwezere, ndipo zimenezo zimandipwetekabe. Koma chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndinataya ufulu wokwiya. Mbuzi za mnzanga zikadya m'munda mwanga ndikakweza mawu, amayi amakokera ana m'nyumba. Munthu wina aliyense akakalipa amati wakwiya. Ine ndikakalipa amati wafuntha. Pamilandu ya m'mudzi ndimakhala kumbuyo ngati mlendo.

Tsono za Rozaliya. Anabereka mwana wake woyamba nthawi yokolola yapitayi, mwamuna wake ali ku ntchito ku Wankie. Atangotuluka m'chikuta anasiya kugona. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi osapuma, kenaka anayamba kunena kuti khandalo si lake, amusinthira. Anakana kuyamwitsa. Ine ndinaziona msanga ndipo ndinanena kuti tipite naye kwa Sisitala. Koma kuno mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi mkamwini chabe, mwini mbumba ndi malume. A Zuze anati ndi mashawe a kwa agogo ake, adikire ng'oma. Tsiku lomwe anamupeza akupita kudambo atasiya khanda padzuwa, a Zuze anapita kuseri kwa nkhokwe yawo n'kukoka chipika chija. Ine sindinkadziwa kuti anachisunga. Anachisungira ine, kuti mwina chidzafunikanso.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za zipatala ndi ili, ndipo ndilinena mosanyengerera. Mapiritsi athu azifika ku Feira kuno, munthu asamayende ulendo wonse wa ku Lusaka chifukwa cha kabotolo kokwana m'thumba la malaya. Pakhale chipinda chimodzi pachipatala chodikiriramo odwala mutu, osati pafupi ndi akaidi. Aphunzitse odala mmodzi yekha wa kuno, woyankhula Chikunda ndi Chinsenga, kuti azizungulira m'midzi. Ndipo amene tachira atilole kugwira ntchito. Wodwala chifuwa akachira amabwerera pantchito yake. Ife tinalakwa chiyani?

Kwa anzanga a m'midzi ndikuti, musadikire kuti munthu avule malaya. Mukaona tulo tathawa, mawu achuluka mosiyana ndi kale, kapena munthu wangoti zii osadya osasamba, pitani naye kuchipatala pomwepo. Musanene kuti ndi khalidwe lake. Za mashawe sindikangana nanu, ng'oma mudzaimba akabwerako. Koma chipika sichichiza. Ine ndakhalamo, ndikudziwa. Chimangosunga thupi pamalo amodzi, matenda akukula.

Tsiku la mkangano lija nditafika kunyumba, ndinakhala pansi pamphasa. Amake Rozaliya anandipatsa piritsi langa n'kunena kuti, "Mukamenya achimwene, mawa zipika zikhala ziwiri." Ndinadya, ndinagona.

M'mawa anandifunsa monga mwa masiku onse ngati ndagona. Ndinati ndagona. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera. Ndinavala jekete langa la uphunzitsi. Nkhwangwa ndinati anyamule amake Rozaliya, chifukwa ine ndikayenda ndi nkhwangwa m'mudzi muno anthu angathawire m'mapira.

Tinapeza a Zuze ali pakhonde pawo. Ine, amene sindinagwadirepo munthu ameneyu chikwatire mlongo wake, ndinakhala pansi padothi n'kuomba m'manja. Anthu anayamba kusonkhana. Ndinapinda buluku mpaka m'bondo, chipsera chonse chili poyera.

"Alamu," ndinatero, "dzulo mwanena zoona. Mwanayu ndi wa mbumba yanu, ine ndilibe mawu. Ndabwera kudzapempha. Mwendo uwu munaumanga ndinu, ndipo munandisunga ndi moyo, ndikuthokoza. Koma amene anandichiza ndi a kuchipatala. Mutsogolereni ndinu mwana wa mlongo wanu. Ine ndingotsata pambuyo."

A Zuze anayang'ana chipsera, anayang'ana mlongo wawo. Amake Rozaliya anati, "Achimwene, mwagona usiku wathawu? Awa agona. Mwana wanga uyo sanagone."

Kenaka a Zuze anaimirira, anatenga mwala, n'kukagogoda chikhomo mpaka chinatuluka. Phazi la Rozaliya linali litayamba kale kutupa. Amake anamukulunga nsalu, azakhali ake anabereka khanda, ndipo a Zuze anatulutsa njinga yawo kuti amukweze.

Tisananyamuke ndinapempha nkhwangwa. Mkazi wanga anandipatsa, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Mupani ndi mtengo wouma mutu kuposa ine. Ndinavula jekete, ndinatema chipikacho, thukuta lili kamukamu, mudzi wonse ukuyang'ana wofuntha ali ndi nkhwangwa m'manja. Chitang'ambika pabowo paja ndinabwezera nkhwangwa kwa amake Rozaliya, mpini uli kutsogolo, n'kuvalanso jekete.

"Nkhuni izo, alamu," ndinatero. "Tiyeni, dzuwa lisanakwere."