Elifala, Bambo Wotsika Phiri Kamodzi pa Mlungu

Elifala anabadwa wosafulumira. Ulesi ayi, pakuti waulesi salima mpaka dzuwa kulowa. Kungoti khasu lake linkatsika ngati likuyamba lapepesa nthaka, ndipo anzake akaunda matutu khumi, iye amakhala akusisita lachitatu.

Anakwatira Rakele wa ku Nachisaka nakhala pachikamwini. Anabereka mwana mmodzi, Lidia, amene bamboyo ankamukonda kwabasi.

Masiku amenewo sukulu za mishoni zinali zitangofika m'midzi. Tsiku lina aphunzitsi, a Filipo, anaonetsa anthu buku la zithunzi. Munali chinyama cha kutsidya kwa nyanja, chaubweya wanyankhalala, zikhadabo zokhota ngati zikwakwa, chitalendewera chagada panthambi, nkhope ngati chikumwetulira. Anati chimadya masamba okhaokha, chimayenda pang'onopang'ono mpaka ndere kumera pamsana, ndipo chimatsika mumtengo kamodzi pa mlungu.

"Amenewa ndi alamu athu!" anakuwa Abrahamu, mlongo wake wa Rakele.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Elifala anasekako, koma maso ake anali pa kamwana kokangamira pachifuwa pa chinyamacho.

Chaka chomwecho atakolola, Abrahamu anamuikira khasu ndi mphasa panja. Mkamwini wosadzaza nkhokwe asungidwirenji? Elifala anabwerera kwawo kumapiri a Ntchisi yekhayekha, poti mwana ndi wa kuchikazi. Zinamuwawa, ndipo analira njira yonse osabisa.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ankanyamuka, kugona panjira, n'kufika pa Sabata mapemphero atatha. Ankabwera ndi masuku kapena kanzimbe, kukhala ndi Lidia pansi pa mkuyu, n'kubwerera. Zaka khumi ndi zisanu, kaya mvula kaya dzuwa. Anthu akamuona ankangoti, "Chija chatsika mumtengo." Pakamwa pa anthu sipauma.

Linafika tsiku la ukwati wa Lidia. Belu linalira, tchalitchi chinadzaza, ankhoswe ali chile. Elifala, amene tsopano anali wokalamba ndi wotupa bondo, sanaoneke.

"Tiyeni tilowe," anatero Abrahamu. "Eni mwana tilipo."

Lidia anakhala pansi pakhomo penipeni, nsalu yake yatsopano m'fumbi.

"Atsibweni, ababa ali panjira. Sanalepherepo kubwera."

Anamunyengerera, anamukalipira, koma mwana wamkazi sanasunthe. Oimba anatha nyimbo zonse n'kuyambiranso. Anthu atatopa, anatuluka panja.

Dzuwa litapendeka, Elifala anatulukira pachitunda, ndodo kumanja, nkhuku m'khwapa. Ataona khamu la anthu lili panja, anayesa zonse zatha, ndipo mtima wake unasweka. Anaima pomwepo. Lidia anathamanga kukamuchingamira.

"Ndachedwanso, mwana wanga?"

"Iyayi, ababa, sitinayambe. Gwirani mkono wanga, tiyende bwinobwino."