AKhutu ndi Anapiye Mazana Asanu

Dzina lakuti aKhutu sanabadwe nalo, analikhetsera thukuta. Zaka makumi atatu ali makaniko, sipanala ankaigwira pomalizira penipeni. Choyamba kugwira ntchito linali khutu. Galimoto ikamadutsa mumsewu iwo ali m'bafa, ankafuula sopo ali m'maso: "Muuzeni ameneyo bawuti yachitatu yamasuka!" Ena amati tsiku lina anamva nyerere ikutsokomola m'kati mwa tayala. Limenelo ndi bodza. Nyerereyo inkayetsemula.

Koma zaka ziwiri zapitazi makutu aja anayamba kutseka okha pang'onopang'ono, ndipo aKhutu sanauze munthu. Kasitomala akayankhula ankangogwedeza mutu n'kumati, "Ndamva kale," ngakhale munthuyo akufunsa njira ya kuchimbudzi.

Lachitatu lina dzuwa lili paliwombo, mwana wawo wamkazi analowa pagalaja ndi pikapu yake. Sanaime pomwe anthu amaima. Chomwe chinakamuimitsa ndi mulu wa matayala akutha. Kumbuyo kunali makatoni a anapiye mazana asanu oswedwa dzulo lake. Mtsikanayu anali atasiya ntchito ya m'sitolo kuti aziweta nkhuku, ndipo awa anali anapiye ake oyamba.

"Ababa, buleki yauma ngati mwala! Ndaponda ndi miyendo yonse iwiri. Anapiye anyamuka m'mawa osamwa kanthu, atatu afa kale!"

Khola lake linali kumunsi kwa chitunda chotsetsereka moti mbuzi yomwe imatsika chafutambuyo. Galimoto ina panalibe: zonse za pagalajapo zinali zitakhala pamiyala, zopanda matayala. Mayi ake anatsitsira makatoni pakhonde n'kuyamba kuwamwetsa madzi pachivindikiro cha botolo, koma chivindikiro chimodzi pa milomo mazana asanu ndi nthabwala.

AKhutu anatsegula boneti. Matendawa ankawadziwa ngati dzina lawo. Injini ikamalira imayamwa mpweya kudzera m'paipi ya rabala yochokera ku chimbale chakuda cha kuseri kwa buleki, chomwe amati busita, ndipo kuyamwako ndiko kumathandiza mwendo poponda. Pakati pa paipiyo pali kavalavu ka pulasitiki kolola mpweya kupita ku injini kokha, osabwerera. Paipi ikang'ambika penapake imalira kuti tsiii. Kale kulira kumeneko ankakumva ali pageti, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Liza injini, mwanawe!"

Injini inalira mwachinjenje. AKhutu anaika dzanja kukhutu n'kuwerama. Zii. Anatembenuza khutu linalo. Zii. Analowetsa mutu wonse mpaka kunja kunangotsala nsapato. Zii ngati kumanda.

"Mukumva chiyani, ababa?"

"Ndamva kale."

"Ndiye pali pati?"

"Usandisokoneze!"

"Asanu tsopano!" anafuula mayi ali pakhonde. Izo zokha aKhutu anazimva, chifukwa mayiwo akakweza mawu mbalame zimasintha njira.

Anasisita paipi yonse ndi zala, osapeza kanthu. Thukuta linali kutsika mpaka m'masokosi. Kenaka anakumbukira njira ya amakaniko omwe ankawaseka moyo wawo wonse, amene amapeza bowo ndi utsi chifukwa makutu alibe. Anazimitsa injini, nalowa m'kachipinda ka zitsulo, natulutsa ndudu imodzi m'chitini cha manati. Fodya anasiya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo atalumbira pamaso pa akazi awo.

"Bambo a mwana, chimenecho n'chiyani?"

"Chipangizo."

"Chipangizo chokhala m'chitini cha manati?"

"Mayi, mlandu madzulo," anatero mwana, misozi ili lengelenge. "Asiyeni!"

Anazula paipi kumbali ya injini, anakoka utsi n'kuuziramo. Anatsokomola mpaka galu wa pagalaja anathawa kwawo. Kachiwiri, kautsi kowonda ngati ulusi kanatuluka kunsi kwa paipi, pambali penipeni pa valavu, pomwe chala sichifika. Anazula valavu, anadula pong'ambikapo ndi mpeni, anabwezeretsa zonse, namanga zolimba.

"Popa buleki kanayi. Gwira pomwepo. Tsopano liza! Buleki ikatsika yokha pansi pa phazi lako, tapulumuka."

Injini inalira bwino ndithu.

"Yatsika?"

Mwanayo anapukusa mutu. "Mwala womwe uja, ababa."

"Asanu ndi atatu!" anatero mayi.

AKhutu anakhala pansi patayala. Bowo latsekedwa. Ngati si paipi ndiye ndi busita, ndipo busita siipezeka tsiku limodzi. Anayang'ana pakhonde. Anapiye anali atayasama milomo, mapiko ali tambalale, ena atagona cham'mbali. Mwana wawo anabwera n'kugwada patsogolo pawo, akuyankhula msangamsanga. Ankaona milomo ikuyenda, koma mawu osafika. Pakamwa pawo panakonzeka kale kunena kuti ndamva kale.

"Mwanawe," anatero m'malo mwake, "sindikumva. Zaka ziwiri tsopano. Yankhula mokweza."

"Tikudziwa tonse!" anakuwa mayi. "Wailesi mumaitsegula mpaka malata kunjenjemera!"

Mwanayo anaika pakamwa pakhutu pawo. "Ndimati kavalavu kaja! Poyamba mbali yoyera inaloza ku injini. Pano yaloza yakuda!"

AKhutu anadzuka ngati alumidwa ndi nyerere ija. Kamuvi kosonyeza njira pavalavupo kanafufutika kalekale, ndipo iwo sankakafuna: ankangogwedeza valavu pafupi ndi khutu, kamvekedwe kake n'kuwauza kutsogolo ndi kumbuyo. Lero anagwedeza mwa chizolowezi, osamva kanthu, n'kungolowetsa. Makaniko wa zaka makumi atatu, valavu chadodolido!

Anaizulanso n'kuiika pakamwa. Anayamwa mbali yakuda: yotseka, masaya mpaka kukumana m'kati. Anayamwa mbali yoyera: mpweya unabwera, pamodzi ndi fungo la petulo wa zaka khumi. Analavula, nailozetsa mbali yoyerayo ku injini, namanga.

"Popa! Gwira! Liza!"

Sanafunse. Anangoyang'ana bondo la mwanayo pachitseko chotsegula, ndipo analiona likutsika lokha pang'onopang'ono.

Makatoni anakwera mofulumira kuposa mmene anatsikira. Anayesa buleki kawiri pabwalo, pikapu n'kuima mpaka mphuno kugwada. Mwanayo anatuluka pageti osatsazika n'komwe. Pakhonde panatsala anapiye akufa asanu ndi anayi, mayi atawafunditsa kansalu.

AKhutu ndi mayi anaima pageti. Chitunda chija sichioneka kuchokera pagalaja. AKhutu anawerenga makona ake mumtima: loyamba, lachiwiri, lija la pamlatho. Atafika kumunsi anayambiranso. Anatsika chitundacho kasanu ali chiimire.

Mwadzidzidzi mayi anawapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa foni, yomwe inali itayamba kalekale kulira. Anamvetsera, kenaka anawakoka khutu lotchuka lija.

"Wafika! Akumwa madzi!"

"Ati bwanji?"

"Akumwa!"

"Osakuwa, mayi," anatero aKhutu akupukuta m'maso ndi chisanza cha oilo. "Ndamva."

"Mwamva eti? Ndiye imvaninso ichi: bweretsani chitini cha manati chija."