Tamara Wakana Wigi ku Saluni

Muli bwanji nonse, mverani va mwana wanga Tamara.

Lelo napita naye ku saluni kuno ku Mtendere. Bamake Junior, baja boluka tsitsi, bamutulutsira wigi, iye wakana. Watulutsa buku m'chola, pachikuto pali mtsikana wakuda bii, tsitsi lake lachilengedwe. Ati, "Muniluke monga uyu. Mabuku aya ndiye nikonda, muli anthu monga ise."

Malaiti atapita, wayamba kuwerenga mokweza. Saluni yonse kumvetsera! Mayi wina anatha kale kulukidwa, koma wakana kupita. Ati, "Iwe pitiliza, sinichoka pano nisanamve mathero!"

Ine misozi, abale.

Manje bamalume bake, imwe munati sukulu yamukanga, akagulitse chabe tomato. Mukambapo chani lelo?