Khovani wa m'mbali mwa ngalande ku Kabwata

Amayi, kaluwa kabuluu kaja kameranso m'mbali mwa ngalande kuno ku Kabwata, ndipo mwandibwerera mumtima. Ndikukumbuka m'mawa uja, nthawi ya chipani chimodzi, mukundidonthezera madzi ake m'diso lotupa. Ife ana tinkangoti kamaso. Ba Chanda, aneba athu achibemba amene amuna awo ankayenda ndi achipani, anasuzumira pampanda, natchula dzina la kaluwako m'chinenero chakwawo, kenako anafunsa akumwetulira: "Nanga imwe kwanu mukaitana bwanji?" Munanditsina pantchafu, n'kuwayankha m'chiyankhulo cha kuno. "Ise sitiziba, ni mauzu chabe." Titalowa m'nyumba munati, "Ndi khovani, koma usakatchule panja. Akufuna adziwe kumene tinachokera. Bambo ako alibe mapepala, angawabweze ku Malawi."

Mpaka lero sindidziwa ngati mayi uja ankatifufuza kapena ankangofuna kucheza. Pamaliro anu analira kuposa tonse, ine n'kumamuyang'anabe ndi diso lokayikira ngati lanu. Lero mdzukulu wanu wandifunsa dzina la kaluwako. Inu munapita, bambo anapita, chipani chinatha kalekale. Komabe, Amayi, ndayamba ndacheukira kumpanda ndisanamuyankhe.