Pikapu ya a Telala Itazima ndi Anapiye Kumbuyo

Anthu amawatchulabe kuti a Telala, ngakhale makina osokera anawafunditsa nsalu kalekale. Anasiya kusoka chaka chimene amuna awo, a Makaniko, anagwa m'galaja ndi sitiroko. Pochoka kuchipatala, dzanja lamanja linali lende, mwendo akuchita kuukoka, ndipo mawu onse anali atathawa mkamwa kupatula amodzi: "Ayi." Nzeru zinalimo zonse, koma potulukira panalibe. M'kupita kwa nthawi a Telala anaphunzira kumva. Ayi wamfupi anali kukana, ayi wokoka anali inde.

Pakhomo panatsala pikapu yakale ya dizilo. Ana anati igulitsidwe, a Telala anakana. Anaphunzira kuyendetsa imvi zitayamba kale, nayamba kutenga anapiye oswedwa kumene kukapereka kwa oweta nkhuku. Amuna awo sankawasiya kunyumba. Ankawakweza kutsogolo, kuwamanga lamba, basi ulendo.

Tsiku lina mkamwini wawo, munthu wa mtima wabwino koma wa phuma, anabwera kudzasintha oyilo ndi fyuluta kuti apongozi asavutike. M'mawa mwake a Telala anapakira makatoni a anapiye, nanyamuka dzuwa litakwera kale. Kunja kunkatentha ngati mu uvuni.

Atadutsa pamene amagulitsa matabwa, a Makaniko anayamba kumenya dashibodi ndi dzanja lamanzere.

"Ayi! Ayi! Ayi!"

A Telala anawacheukira. Anaganiza kuti matenda aja abweranso.

"Bambo, chavuta n'chiyani? Mutu?"

Asanamalize kufunsa, injini inazima yokha. Galimoto inangoyenda ndi liwiro lotsala mpaka anaikhotetsera m'mbali mwa msewu. Anapotokola kiyi. Sitata inazungulira bwinobwino, koma injini osalira. Anayesanso, chimodzimodzi.

Kumbuyo anapiye anali piyepiye. A Telala ankadziwa kuti chimene chimawasunga amoyo m'makatoni muja ndi mphepo ya galimoto ikamayenda. Ikaima padzuwa, amayamba kuyasamula, kenako kugwa mmodzimmodzi.

Ogulitsa matabwa anathamangira pomwepo. Wamkulu wawo, wandevu, anasuzumira pawindo.

"Mayi, pali kamtsetse apa. Ikani giya yachiwiri, ife tikankha."

A Telala anatsitsa handibuleki. Nthawi yomweyo a Makaniko anaigwira ndi dzanja lawo lamoyo lija n'kuikokanso. Anatsitsanso, iwo anakokanso.

"Bambo, siyani! Anapiye a eni ake akufa!"

"Ayi!"

"Kodi mwatani inu? Ndikunyamuleni tsiku ndi tsiku, kenako muzindigwiranso manja? Ayi, ayi, ndatopa naye ayi wanuyo!"

Chiyambire matendawo anali asanawakalipirepo. Ogulitsa matabwa aja anayang'ana kumbali. Koma a Makaniko handibuleki sanaisiye mpaka mkazi wawo atachotsapo dzanja. Kenako anawagwira pamkono, nawakokera chala pa kanyali kofiira ka pa dashibodi, kooneka ngati ketulo.

A Telala anakayang'anitsitsa.

"Chabwino, tiyeni bwinobwino. Batire?"

"Ayi."

"Dizilo?"

"Ayi."

"Oyilo?"

"Ayiii."

Apo m'pamene anakumbukira zimene amuna awo ankauza makasitomala kale, kuti injini ya mtundu umenewu siilira ngati oyilo sakukwera, ndipo woikakamiza amaipha. Anatsegula boneti, nasolola kachitsulo koyezera oyilo. Kanali gwa, kouma. Atacheuka anaona mzere wakuda pamsewu, kuchokera kumene anachokera mpaka pansi pa galimoto.

"Achimwene," anauza wandevu uja, "musakankhe. Ndithandizeni kutsitsa makatoniwa, muwaike pamthunzi wa matabwa, muwatsegule. Ndipo pali amene ali ndi njinga yamoto? Ndikufuna oyilo wa dizilo, chigubu chachikulu."

Mmodzi analiza njinga n'kuuyatsa. A Telala anayala katoni pansi, nakwawira kunsi kwa galimoto ndi diresi yawo yoyendera. Zitsulo zinali zotentha, oyilo akuwadonthera kumaso.

"Bambo!" anakuwa ali pansi pomwepo. "Bawuti yotulutsira oyilo ili bwino, ndi youma!"

"Ayiii," anayankha kuchokera m'mwamba.

"Ponyowa kwambiri ndi pa fyuluta. Yang'ambika?"

"Ayi."

"Yamasuka?"

"Ayi."

Anaigwira, inalidi yothina. Nanga oyilo akutulukira pati? Anatuluka thukuta lili kamukamu. A Makaniko anapinda chala chachikulu ndi chamkombaphala kupanga kamkombero, kenako anaimika zala ziwiri. A Telala anangoti kukamwa yasa. A Makaniko anabwerezanso, maso ali psu ndi mkwiyo wa munthu amene akudziwa yankho koma sangalinene. Kamkombero. Ziwiri.

"Ndiimasule ndione?"

"Ayiii!"

Ndi manja inakana. Wandevu anavula lamba wa buluku, anaukulunga pa fyulutayo, nakoka mpaka inatembenuka. Pakamwa pa fyulutayo panali kamphira kozungulira, katsopano. A Telala anapisa zala pamene inakhala pa injini, namva kena. Kamphira ka fyuluta yakale kanali katakanirira pomwepo, mkamwini n'kungomangira yatsopano pamwamba pake. Injini itatentha, kakaleko kanatumphukira kumbali, oyilo n'kupeza njira.

Anakamatula ndi chikhadabo, anapukuta, namanganso fyuluta. Kumthunzi kuja mayi wina wodutsa ankakupizira anapiye ndi chivundikiro cha katoni, akuika pambali amene anali atauma kale. A Telala sanafune kuyang'anako.

Oyilo atafika anathira, nayeza, nathiranso. A Telala anakhala pachiwongolero. Ngati injini inali itapsa kale mkati, ndiye kuti pikapu yatha, ntchito yatha, ndipo amuna awo abwerera pampando wa pakhonde kukawerenga anthu odutsa.

Anapotokola kiyi. Sitata inazungulira, kanyali kali psu. Anasiya. A Makaniko anawagwira dzanja kuti adikire sitata izizire. Anayesanso. Tsopano kuzungulira kwake kunayamba kulemera, batire ikufooka.

"Ikutha mphamvu, bambo. Ndisiye?"

"Ayi."

Anagwirabe kiyi, mano ali gwa. Kanyali kanaphethira, kanaphethiranso, n'kuzima. Injini inakhosomola, inagwedeza galimoto yonse, kenako inalira.

Amatabwa anaomba m'manja, koma a Makaniko anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anatseka maso, mutu uli pendeke, kumvetsera ngati muli kugogoda mkati. Kenako anatsegula maso n'kuloza kutsogolo.

Anapiye ena anafa, koma ambiri anafika amoyo, ndipo oweta ataona diresi ya a Telala sanalankhule zambiri. Pobwerera, ali awiri okha, a Telala anati, "Zija ndinalankhula zija, bambo, anali mantha." Amuna awo anatenga kansalu kawo kopukutira pakamwa, nayamba kuwapukuta oyilo amene anali pa tsaya, galimoto ikuyenda.

Madzulo mkamwini atabwera, a Telala anangoika kamphira kophwanyikako patebulo, pafupi ndi kapu yake ya tiyi. Mkamwiniyo anakayang'ana nthawi yaitali, nagwira kumutu.

"Amayi, ndinkati ndikuthandiza."

"Tikudziwa, bambo. Imwani tiyi. Loweruka mubwere ndi zovala zogwirira ntchito, apongozi anu akufuna muchape kunsi konse kwa galimoto, iwo akuyang'ana."